Ufulu Anali ndi Njoka M'mimba

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ababa anafika kunyumba kwathu ku Chilomoni atasenza katoni, mkati muli afulu awiri. Chinali chaka chimene anthu anavotera matipate. Ababa ankagwira ntchito ya m'munda wa maluwa kwa mzungu wina ku Namiwawa, ndipo mzunguyo anali kubwerera kwawo. Pogawa katundu, khukhi analandira mapoto, mlonda analandira njinga, ababa analandira afulu, chifukwa ndiwo ankawadyetsa zaka zonsezo.

Amayi anasuzumira m'katonimo nkupukusa mutu.

"Abambo a Felesiya, anzanu alandira mapoto, inu mwalandira miyala yoyenda?"

Ababa anangoseka. Tsiku lomwelo anamanga kakhola ka waya kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nthochi. Fulu wamng'ono sankakhazikika. Ankazungulira kholalo tsiku lonse, kugunda waya, kukwera pamsana pa mnzake, ndiye ababa anamutcha Minibasi. Wamkuluyo ankaganiza kaye asanasunthe mwendo. Ameneyo anamutcha Ufulu, poti masiku amenewo mawuwa anali pakamwa pa aliyense, pawailesi, pamsika, ngakhale pamjigo.

"Fulu wafika, ufulu wafika," ankatero ababa. "Onse awiri amayenda mofanana. Musawafulumize."

Puloti imene tinkakhalapo sinali yathu. Inali ya amalume a Dayisoni, mchimwene wawo wa amayi. Ife kwathu ndi ku Phalombe, ndipo kwathuko malume ndiye mwini mbumba. Akamalankhula, mlongo wake amagwada, mkamwini amayang'ana pansi. Ababa anali mkamwini. Kukhala m'tauni sikunasinthe zimenezo.

Za amalumewa ndinena mosabisa, ngakhale pano ndi malemu. Nthawi ya chipani chimodzi ankaima pageti la msika kufunsa azimayi makadi a chipani, ndipo wopanda khadi ankamubweza ndi tomato wake pamutu. Zinthu zitasintha, iwo ndiwo anayamba kusintha. Anavula yunifolomu ya chipani, anagula tayi wa pakaunjika ndi chikwama chakuda, nkuyamba kudzitcha Dokotala. Za mankhwala sanaphunzirepo ngakhale tsiku limodzi. M'chikwamamo munali mapiritsi omanga m'timapepala ta shuga, a anthu ndi a ziweto pamodzi, ndipo ankawayala pabenchi dzuwa likuwaotcha mpaka madzulo. Ankawasiyanitsa ndi mtundu basi: ofiira a magazi, achikasu a malungo, oyera a china chilichonse. Munthu akafunsa kumene anaphunzira, ankakonza tayi nkunena kuti, "Ino ndi demokalase, mayi. Aliyense ali ndi ufulu." Munthu yemweyo amene dzulodzulo ankathamangitsa anthu chifukwa cha khadi.

Ababa ntchito ina sanaipeze. M'chaka chachiwiri anayamba chifuwa, ndipo chinawagwira kwambiri. Ankalandira mankhwala kuchipatala, koma thupi linatha. Ganyu analeka. Kutchalitchi analeka kupita chifukwa cha chitunda. Ntchito imodzi yokha ndiyo inawatsalira, ndiyo ya afulu aja. M'mawa uliwonse ankadzuka pamphasa, kugwira ndodo, kuyenda pang'onopang'ono mpaka kukhola. Ine ndinkawathyolera chisoso ndi bonongwe m'mbali mwa msewu, iwo nkumaduladula ndi kampeni. Akafika ankakanda chigoba ndi chikhadabo, uku akuliza lilime, ndipo afulu ankatulutsa mitu nkumadya m'manja mwawo. Kwa munthu wina sankatero. Anthu oyandikana nafe ankanong'onezana kuti ababa akukhwima, poti munthu wabwinobwino sangawete nyama yosaikira mazira odya, yosalondera nyumba. Koma amayi ankadziwa kuti mwamuna wawo amadzukira afuluwo, ndipo tsiku limene adzasowe chodzukira adzangogona.

Vuto linayamba m'dzinja. Kwa mzungu kuja afuluwo ankayenda pakapinga ponse, koma kwathu kakhola kanali kakang'ono. Mvula itabwera munadzaza matope. Ankadya pomwepo, kuchita chimbudzi pomwepo, ndipo nthawi zina ankalowa m'mbale ya madzi akumwa nkuipitsamo. Ife sitinkadziwa kuti zimenezo ndi zoopsa. Tinkati fulu ndi nyama ya kutchire, matope sangamudwalitse.

Ine ndiye ndinayamba kuziona. Ndikusesa m'khola ndinapeza ndowe zamadzimadzi, ndipo m'menemo munali tinthu toyera, towonda ngati ulusi wosokera, tikuyendayenda. Ndinaitana ababa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka ananyamula Minibasi nkumuyesa m'manja.

"Wapepuka," anatero. "Kale ankalemera ngati mwala. Lero ali ngati chikho chopanda madzi. Njoka za m'mimba izi."

Minibasi anali ataleka kuzungulira. Ufulu nayenso ankangonunkhiza masamba nkuwasiya. Ababa anati mzungu uja ankawatengera kwa avetenale, kuofesi ya za ziweto m'tauni, ndipo anati tidikire apezeko mphamvu apite okha. Koma pa puloti imodzi nkhani sibisika. Madzulo ake amalume anafika ndi chikwama chawo, tayi ali pakhosi, thukuta lili kamukamu.

"Alamu, ndamva kuti nyama zanu zili ndi njoka. Bwanji osandiuza? Dokotala ali pakhomo pompano, inu mukuganiza za kutauni?"

"Zikomo, alamu," anayankha ababa akuyang'ana pansi. "Kungoti bwana ankanena kuti afulu ali ndi mankhwala awoawo."

"Bwana, bwana! Bwana wanu anakwera ndege. Njoka ndi njoka, alamu, kaya ili mwa mbuzi, kaya mwa galu, kaya mwa inu nomwe. Jakisoni uyu ndabaya mbuzi za ku Chirimba konse, pitani mukazione mmene zikudumphira."

Anatulutsa kabotolo. Ine sindinkatha kuwerenga Chingelezi chake, koma chithunzi ndinachiona bwinobwino: panali ng'ombe, nkhosa ndi nkhumba. Fulu panalibe. Amalume anakoka mankhwalawo mpaka jakisoni kudzaza. Ababa anafunsa motsitsa mawu ngati sanachuluke.

"Inu simudziwa. Chigoba chimamwa theka la mankhwala. Ndiye timawonjezera."

Chigoba kumwa mankhwala! Anangopeka pomwepo, ali chiimire, ndipo ananena ngati munthu amene akuwerenga m'Baibulo. Amayi anali atagwada pakhomo la khitchini, monga mwa mwambo mchimwene wawo akamalankhula.

Minibasi atamva dzanja lachilendo anabweza mutu ndi miyendo mkati. Amalume anamugwedeza, anamugogoda pansi, anamutembenuza chagada, koma fulu sanatuluke. Kenaka anamupereka kwa ababa.

"Muitaneni atuluke. Inu amakumverani."

Zimenezi ndi zimene sindinaziiwale mpaka lero. Ababa anamuika pamwendo pawo. Anakanda chigoba ndi chikhadabo, analiza lilime monga ankachitira m'mawa uliwonse, ndipo Minibasi anatulutsa mutu ndi miyendo, akuyesa kuti chisoso chafika. Amalume anagwira mwendo wakutsogolo nkubaya. Pozula, singano inapindika. Inali singano imodzi yomweyo imene ankabayira mbuzi, agalu, ndipo ndikukhulupirira kuti anthunso. Anayesa kuiwongola ndi mano, inakana.

"Wamkuluyo ali ndi mwayi lero," anatero. "Ndikapeza singano ina ndibwera ndidzamalize."

Kutacha ndinathamangira kukhola. Minibasi anali pomwe tinamusiya. Miyendo yonse inali panja, yolefuka ngati nsanza yonyowa. Khosi linali litagona m'matope, maso ali otsegula. Ndinamugwira pamphuno ndi chala, koma sanabweze mutu. Sakanatha. Fulu chake chonse ndi kubisala, ndipo uyu anali kundiyang'ana, nyerere zikumukwera pankhope, osatha kudzibisa. Ababa anamutenga nkumuika pachiguduli m'nyumba, nkumamuthira timadontho ta madzi pakamwa.

Amalume anabwera kudzaona wodwala wawo. Anamukankha ndi nsonga ya nsapato.

"Ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito kumeneko. Njoka zikamafa thupi limalefuka. Mawa mumuona akuthamanga."

Mawa lakelo Minibasi anafa. Amalume atamva sanagwetse nkhope ngakhale pang'ono.

"Munachedwa kundiitana," anatero.

Palibe amene anawaitana. Ndipo asanachoke anafunsa ngati angatengeko chigobacho, poti ku Ndirande kuli munthu amene amagula zigoba. Amayi anati tataya kale. Anali atamukwirira okha pansi pa nthochi, mozama kuti agalu asafukule, ndi amalume omwe.

Kuyambira tsiku limenelo ababa sanadzukenso. Anagona pamphasa atayang'ana kukhoma. Phala ankalisiya kuti lizizire. Ndikawauza kuti ndathyola chisoso, ankangoti, "Kam'patse wekha." Tsiku lina ndinawamva akuuza amayi motsitsa kuti, "Anatuluka chifukwa ndinamuitana ine." Ufulu naye anali kupepuka. Ndipo Lachinayi lina madzulo amalume anakuwa ali pakhonde pawo kuti singano yapezeka, mawa akachoka kumsika adzabaya wotsalayo.

Amayi anandidzutsa kusanayere bwino. Anali atavala kale chitenje chawo cha kutchalitchi. Anaika Ufulu m'beseni, anayala masamba a nthochi pansi, anaphimba ndi nsalu, nkundiikira nkhata pamutu.

"Tikupita kuti, amayi?"

"Kumene abambo ako ankafuna kupita. Uyu akafa, abambo ako tiwaika mwezi uno. Senza."

Pasiteji tinapeza minibasi ikudzaza. Kondakitala anatsegula nsalu kuti aone katundu, ndipo Ufulu anasuzumira. Mnyamatayo analumpha ngati waponda moto.

"Mayi, izi ayi! Mukufuna matayala atiphulikire pa chitsikiro?"

Mayi wina wa mpando wakutsogolo anayamba kupemphera mokweza. Bambo wina anati zokhwima zoterezi aziyenda nazo usiku, osati anthu akupita kuntchito. Amayi sanakangane nawo. Anaphimbanso beseni, tinayamba kuyenda wapansi. Kuchokera ku Chilomoni kutsikira m'tauni si pafupi kwa mwana wosenza fulu. Dzuwa linatuluka, msewu unali wamatope ofiira, ndipo Ufulu ankakanda beseni pamwamba pa mutu wanga, khwekhwerere, khwekhwerere. Anyamata ena ogulitsa makala atamva phokosolo anafunsa ngati ndiwoyo ndi yogulitsa. Khosi likandipweteka amayi ankalandira, likapola ndinkasenzanso.

Kuofesi ya za ziweto tinapeza anthu atakhala pabenchi. Ambiri anali azibambo ogwira agalu pazingwe, ndipo mmodzi anafungata tambala wotupa maso. Munkanunkha mankhwala ophera nthata. Nthawi yathu itakwana tinaitanidwa ndi mayi wina wamfupi, wovala khoti loyera ndi magalasi, wooneka wotopa ngakhale kunali kum'mawa. Chitseko chinali chotsegula, moti a pabenchi ankamva zonse. Mayiyo anatsegula nsalu, anayang'ana, nkuyang'ananso ife.

"Ali ndi dzina?"

"Ufulu," ndinayankha ine.

"Vuto lake?"

"Ali ndi njoka m'mimba."

Bambo wa tambala uja anaseka mpaka tambala kumupulumuka.

"Mwamva, anzanga? Ufulu uli ndi njoka m'mimba! Ndimadabwa ine, chifikireni sukunenepa!"

Benchi yonse inagwa ndi phwete. Wina anati aupatse mankhwala ambiri, mwina mitengo ya zinthu itsika. Ngakhale amayi, amene sanasekepo chifere Minibasi, anabisa pakamwa ndi chitenje. Mayi wa khoti loyera anamwetulira pang'ono, kenaka ananena mawu amene anandikhumudwitsa nthawi imeneyo.

"Mayi, ndisakunamizeni. Agalu, mbuzi, nkhuku, zimenezo ndimazidziwa. Fulu sabwera kawirikawiri kuno. Dikirani ndikafunse akuluakulu anga ndisanamupatse chilichonse."

Mumtima ndinati tayenda mtunda wonsewu kudzapeza munthu wosadziwa. Amalume sankafunsa munthu. Ndinali mwana, ndinkayesa kuti wodziwa ndi amene amayankha msanga.

Tinadikira nthawi yaitali ndithu. Atabwerera anabwera ndi mbale ya madzi ofunda pang'ono, osaya, nkumuikamo Ufulu mutu uli pamwamba. Anati madzi ofunda amathandiza fulu kuchita chimbudzi, ndipo iye sangapereke mankhwala asanaone mtundu wa njokazo. Posakhalitsa Ufulu anachitadi. Mayiyo anatapako pang'ono ndi kamtengo, anapaka pakagalasi, nkukayang'ana pamakina oonera tinthu ting'onoting'ono. Anandilola kusuzumiramo. Ndinaona timazira tambirimbiri, tozungulira ngati nthanga. Kenaka anamuika Ufulu pasikelo, anawerengera papepala, nkubwerezanso kuwerengerako.

Mankhwala ake anali amadzi, oyera ngati mkaka. Anakoka pang'ono kwambiri, moti ine ndinaganiza kuti akutimana. Jakisoni wake analibe singano. Anadikira mpaka Ufulu atatulutsa mutu yekha, anamugwira mofatsa kuseri kwa nsagwada, nkumuthira m'mbali mwa kamwa pang'onopang'ono kuti asatsamwe.

"Mankhwala amatsata kulemera kwa nyama," anatero. "Mukapyola mwapha, mukaperewera njoka zitsala. Anali yekha m'khola?"

Amayi anafotokoza za Minibasi, za kabotolo ka chithunzi cha ng'ombe, za miyendo yolefuka ija. Mayiyo anavula magalasi.

"Mankhwala amenewo ndi abwino, koma kwa ziweto zimene zajambulidwa pabotolopo. Kwa fulu ndi poizoni. Ngakhale akanabaya kadontho, zikanatha chimodzimodzi. Amayamba kupha miyendo, kenaka nyama imalephera kupuma. Anabaya ndani?"

"Wachibale," anatero amayi. Dzina sanatchule.

Mayiyo sanafunsenso. Anatiuza kuti tibwerenso pakapita masabata angapo kuti adzamwe kachiwiri, ndipo tidzatenge ndowe zatsopano kuti adzaone ngati timazira tachepa. Anati khola tilisamutsire pouma ndi potakasuka, chifukwa dothi lakalelo ladzaza timazira, ndipo fulu akamadya pamenepo amadzibwezera njoka zomwezo. Ndowe tizichotsa tsiku lililonse, chakudya tiziika pamwala wotsuka, madzi tizisintha, ifenso tizisamba m'manja ndi sopo tikamugwira. Anawonjeza kuti afulu ambiri amakhala ndi tinjoka pang'ono osadwala, ndiye tisamangomumwetsa mankhwala chifukwa choti taganiza. Tikaona kuti wasiya kudya kapena wapepuka, tibwere naye, ayesedwe kaye.

Tinafika kunyumba dzuwa litapendeka, miyendo itatupa. Amalume anali atakhala pakhonde pathu, pampando wa ababa, chikwama chili chotsegula, singano yatsopano ikunyezimira.

"Chemwali, mwakhala kuti tsiku lonse? Dokotala amadikira wodwala? Bweretsa kuno, Fele."

Ndinaima ndi beseni pamutu, osadziwa chochita. Amayi ananditula, anaika beseni kumbuyo kwawo. Kenaka anagwada pansi, pafumbi, monga ankachitira nthawi zonse, manja ali pamodzi, mutu woweramitsa. Ndinati basi, zatha, ayamba kupepesa.

"Achimwene, zikomo kwambiri chifukwa chotiganizira," anatero. "Koma ayi."

"Mwati chiyani?"

"Ndati ayi, achimwene. Fulu uyu simumubaya."

Amalume anaimirira. "Pa puloti panga? Mukundikaniza ine pa puloti panga?"

"Puloti ndi yanu, achimwene. Ifenso ndife anu. Mukati tisamuke, tisamuka. Koma fuluyu simumubaya."

Anayamba kukuwa. Anati akunyozedwa ndi mkazi wosadziwa ngakhale kulemba dzina lake. Anati a kuofesi aja ndi ansanje, safuna kuti munthu wamba atukuke. Anati iwo ali ndi ufulu wochita ntchito yawo, anaumenyera nkhondo ufulu umenewo. Iwo amene aja, a pageti la msika! Anthu oyandikana nafe anatuluka nkuima m'mbali mwa mpanda. Ndipo chimene anaona ndi ichi: mwamuna wa tayi akulalata, malovu akuthovoka, jakisoni ali m'manja, ndi mlongo wake atagwada mwaulemu wonse, osakweza mawu, osadzuka, osasuntha. Amalume anafunafuna ponena kuti amayi achita mwano, koma sanapapeze. Maondo anali pansi. Zikomo anali atanenedwa. Chimene chinasowa ndi inde yekha.

Pomaliza anatseka chikwama mwaukali.

"Akafa musadzandiitane!"

Mayi wina wa kuseri kwa mpanda, amene kale ankatinena za kukhwima, anayankha kuti, "Nanga uja anafa uja, anakuitanani ndani, a Dokotala?"

Anthu anaseka, amalume nkulowa m'nyumba mwawo. Sanatisamutse. Kuti atero akanayenera kuitanitsa abale kuchokera ku Phalombe, nkuwafotokozera kuti akuthamangitsa mlongo wawo ndi mwamuna wodwala chifukwa cha fulu. Ngakhale iwo anaona kuti nkhani imeneyo siingawakomere.

Khoma la nyumba yathu linali la njerwa zosawotcha, lopyapyala. Ababa anamva zonse. M'mawa mwake ndikuzula waya kuti ndisamutse khola, ndinamva ndodo ikugogoda kumbuyo kwanga.

"Osati pamenepo, Fele. Pamenepo madzi amaima. Kokera kumtundaku, azipeza dzuwa la m'mawa ndi mthunzi wa masana."

Anakhala pamwala nkumandilozera. Ufulu sanachire tsiku limodzi. Masiku oyamba ankangokhala. Tinapita naye kachiwiri, wapansi ngati poyamba. Kenaka tsiku lina ababa anakanda chigoba, analiza lilime, ndipo Ufulu anatulutsa mutu, anayang'ana kachidutswa ka papaya kamene kanali m'manja mwawo, anaganiza monga mwa khalidwe lake, nkuluma. Ababa anapukuta maso ndi kolala ya malaya. Masana amenewo anamaliza phala lawo lonse.

Ababa anakhala nafe madzinja ena awiri. Chifuwa chomwecho ndicho chinawatenga, ali kuchipatala. Ine sukulu ndinalekera pomwepo, mu Sitandade sikisi. Amalume anapitiriza udokotala wawo mpaka anthu anatopa nawo, kenaka anayamba kugulitsa madzi odalitsidwa m'mabotolo a sobo. Atamwalira ndinapita kumaliro, ndinagwada pogwada, ndinaphika pophika. Misozi sinabwere, ndipo sindinaikakamize.

Nditakwatiwa ndinasamukira ku Machinjiri, Ufulu ndinapita naye. Amuna anga, abambo a Mphatso, ankaseka kuti anakwatira mkazi wobwera ndi mlamu wa chigoba. Iwo ndiwo anamumangira khola lalikulu la njerwa pansi pa mgwafa.

Chaka chatha abambo a Mphatso anadwala impso. Tinali kuyenda kuchipatala, ndipo madokotala anatiuza zoona, kuti matendawo afika patali, koma mankhwala angawathandize kukhala nafe kanthawi popanda ululu wambiri. Tsiku lina abale awo anabwera ndi munthu wina wa tayi, atanyamula chikwama chodzaza mabotolo. Anati botolo limodzi limachiza impso, shuga, magazi, zonse, bola wodwala asiye kaye mapiritsi a kuchipatala kuti mankhwala asalimbane. Ndinamufunsa kuti muli chiyani m'botolomo. Anati ndi chinsinsi cha kampani. Ndinafunsa kuti munthu wolemera ngati amuna anga amwe wochuluka bwanji. Anati mmene angathere. Sanaganize ngakhale kamphindi. Ndinayang'ana nsapato zake, ndinayang'ana tayi, ndipo ndinamudziwa, ngakhale ndinali ndisanamuonepo.

Akuluakulu a kuchimuna anandiuza kuti ndilowe kuchipinda ndikawanyengerere amuna anga amwe, poti ine amandimvera. Muitaneni atuluke, inu amakumverani. Mawu ake anali omwewo.

Ndinagwada pansi pamaso pawo, manja pamodzi. Ndinati zikomo chifukwa chotiganizira, koma ayi. Amuna anga anali atandiuza kale kuti safuna zoterozo, ndipo analibe mphamvu yokangana ndi abale awo. Ndinakana m'malo mwawo. Analalata, anandinena kuti ndine mbuli ya Sitandade sikisi. Sindinadzuke mpaka munthu wa mabotolo uja atatuluka pageti.

Abambo a Mphatso anamwalira patapita miyezi ingapo. Mpaka lero ena mwa abale awo amati ndinawapha ndine ndi makani anga, ndipo pamsika amandilambalala. Anene. Anthu amenewo sanasinthepo nsalu ya wodwala ngakhale kamodzi, koma botolo la munthu wosamudziwa anali okonzeka kulitsanulira m'kamwa mwa m'bale wawo. Ine sindinganame kuti kukana kumachiza. Ababa anapita, amuna anga anapita. Koma anapita ndi matenda awo, pa nthawi yawo, akulankhula nafe mpaka kumapeto. Sanapite chifukwa choti ine ndinawaitana kuti atulukire singano ya chitsiru.

Zimene ndikudziwa tsopano ndi zochepa. Munthu amene amati dikirani ndikafunse, ameneyo ndimamupatsa wodwala wanga. Amene ali ndi yankho usanamalize funso, amene mankhwala ake amachiza mbuzi, fulu ndi munthu mofanana, ndimamupatsa mpando ndi madzi akumwa, basi. Ndipo ulemu uli m'maondo, suli mu inde. Zimenezi sindinaphunzire kusukulu. Ndinaziona pafumbi la ku Chilomoni, kwa mayi wosadziwa kulemba dzina lake.

Ufulu akadalipo. Wakalamba, chigoba chasalala m'mbali, ndipo pazaka zonsezi ndapita nayenso kwa avetenale maulendo ochepa, nthawi zonse nditatenga ndowe zake m'kapepala kuti ayambe aona. M'nyumba muno mwakhala zii chichokere abambo a Mphatso, ndipo masiku ena chimene chimandidzutsa ndi iyeyo. Lero m'mawa ndinamupititsira papaya. Ndinakanda chigoba, ndinaliza lilime, anatuluka nkudya. Atamaliza ndinamugwira pamphuno ndi chala, monga ndimachitira tsiku lililonse kuti ndione ngati ali bwino. Anabweza mutu mkati msangamsanga, nkunditsekera. Akadatha kukana.